Kaphokoso Kobisala Kuseli kwa Besi

Ampu ya besi ikangoyatsidwa, woyimba asanakhudze nsambo ngakhale imodzi, imakhala itayamba kale kulankhula. Sendezani khutu pafupi ndi sipika, mumva kaphokoso kosalekeza koti sssss, konga ka mafuta akamawira m'chiwaya cha tchipisi chapatali. Ku dansi kapena m'tchalitchi palibe amene amakalabadira, ng'oma ndi mapazi a anthu zimakakwirira. Koma mu situdiyo maikolofoni imayikidwa pamaso penipeni pa sipika, ndipo chilichonse chimene yamva chimasungidwa. Nyimbo ikafika poti zida zonse zadukiza n'kutsala besi yokha, kaphokoso kaja kamabwera poyera. Ojambula nyimbo amakatchula kuti hiss. Ine ndimasilira mmene odziwa ntchitoyi amalimbanirana nako, chifukwa amayamba ndi khutu ndi manja, kompyuta n'kubwera pambuyo penipeni.

Katswiri safulumira kupotokola mabatani. Amayamba waima kaye, mutu atapendeketsa, kuti adziwe mtundu wa phokoso limene lamupeza, poti maphokoso a m'ampu si amodzi. Lilipo lokhuthala, long'ung'uza pansipansi, limene amati hum. Limeneli limachokera ku magetsi a pakhoma ndipo lili ndi liwu lake lokhazikika: kuno kwathu ndi ku Britain, kumene magetsi amasinthasintha ka 50 pa sekondi, limang'ung'uza pa 50 Hz, pamene ku America limamveka pa 60 Hz. Lilipo lina lakuthwa loti bzzz, lobwera ndi getsi la chubu, chaja ya laputopu kapena waya wosatchingidwa bwino. Awiriwa amachokera kunja, motero angathe kutsekeredwa khomo. Mumasendeza waya kutali ndi thiransifoma, mumazimitsa getsi lovutalo, mumalumikiza zida zonse pa soketi imodzi, mumauza woyimba atembenuke pang'onopang'ono mpaka pickup ya gitala yake, imene imatola kulira kwa nsambo, italeka kutola phokosolo. Leo Fender adathandizapo mu 1957 pamene adagawa pawiri pickup ya Precision Bass, magawo awiriwo n'kumafafanizirana hum.

Apa ndinene mosapsatira. Alipo ena amene amadula waya wa earth pa pulagi kuti hum ithe. Imathadi, koma waya ameneyo ndiye amateteza moyo wa woyimba. Mu 1972 Les Harvey, woyimba gitala wa gulu la Stone the Crows, adafera pa siteji ku Swansea atagwidwa ndi magetsi pokhudza maikolofoni imene inalibe earth yabwino. Wodziwa ntchito amadula earth ya chingwe cha mawu chokha, pa kaswitchi kolembedwa kuti ground lift. Ya magetsi saikhudza.

Hiss ndiye nkhani ina. Ilibe noti, simungaiyimbe, ndipo sichokera kunja. Imabadwira m'kati mwa ampu ndi zida zinzake momwemo. Mu 1928 John B. Johnson wa ku Bell Labs adasindikiza zimene adapeza poyeza, mnzake Harry Nyquist n'kufotokoza chifukwa chake: tinthu tonyamula magetsi m'waya ndi mu resistor sitikhala bata, kutentha kumatigwedeza nthawi zonse, ndipo kugwedezeka kumeneko kukakuzidwa kumamveka kuti sssss. Mavalavu ndi ma transistor amawonjezerapo kawo. Choncho ampu yopanda hiss kulibe, kaya yodula chotani. Chimene katswiri amasaka n'choti mawu a besi akhale pamwamba kwambiri, hiss ikhale pansi kwambiri, mpata wa pakati pake ukule mpaka khutu liiwale kuti pansipo pali kanthu.

Chimene chimamuthandiza n'choti besi ndi hiss sizikhala malo amodzi. Nsambo yayikulu ya besi ya nsambo 4 imalira pa 41 Hz, yaying'ono pa 98 Hz, ndipo ngakhale woyimba atakwera mpaka kumapeto kwa khosi la gitala, safika pa 400 Hz. Pamwamba pake pali tizidutswa ta mawu timene timapatsa noti nkhope yake, kuphatikizapo kugunda kwa chala ndi kukhudza kwa nsambo pa tizitsulo ta pakhosi. Koma khutu la munthu limamva kwambiri pakati pa 2,000 ndi 5,000 Hz, ndipo kuyambira pamenepo kukwera m'mwamba ndi kumene hiss imaluma. Luso lonse lagona pamalire amenewa: kudziwa pamene besi yathera ndi pamene patsala phokoso lokha.

Gawo limene ndimakonda kulionerera ndi la kusaka. Injiniya amagwada patsogolo pa ampu, mahedifoni ali m'khosi.

"Achimwene, tangozulani kaye wayayo."

Woyimba amazula. Ngati sssss wachepa, vuto lili ku gitala, ku waya kapena ku tizipangizo topondaponda timene tili pansi. Amatibwezera kamodzikamodzi, akumvetsera. Kawirikawiri wolakwa amapezeka pomwepo: kachipangizo kamene kakudya magetsi a adaputa yotchipa, kapena batire la 9 volts la m'kati mwa besi limene latsala pang'ono kufa. Ngati sssss wakhalabe waya atazulidwa, ndiye kuti ampu ndiyo ili ndi mlandu, ndipo kufunsa kumapitirira. Amapotokola batani la gain. Phokoso likamakwera ndi kutsika nalo, likuchokera pakhomo penipeni pa ampu, gawo loyamba lokuza mawu. Likapanda kusuntha, amagwira batani la master. Likamvera limeneli, labadwira pakati, m'dera la mabatani a treble ndi bass. Likakana onse awiri, lili kumapeto, kugawo lopereka mphamvu ku sipika. Mabatani awiri okha, mphindi zosakwana zisanu, munthu wadziwa chipinda chimene mbala yabisala, osatsegula ngakhale sikuluwu imodzi.

Mu ampu ya mavalavu, valavu yoyamba, imene nthawi zambiri imakhala 12AX7, ndiyo imalamula zonse, chifukwa kaphokoso kake kamakuzidwa ndi magawo onse otsatira. Odziwa amasunga angapo m'kabati, amasinthasintha mpaka atapeza yofatsa, n'kuilemba chizindikiro kuti izikhala pamalo oyambawo. Kupitirira apo n'kwa amisiri okonza, poti m'kati mwa ampu yotere mumatsala ma volts mazanamazana ngakhale itazulidwa pakhoma.

Kenaka amafika pa nkhani ya kagawidwe ka mphamvu, pamene ambiri ophunzira amagwa. Woyimba wamantha amatsitsa voliyumu ya pagitala, natsitsanso gain, kenaka poona kuti sakumveka amakweza master mpaka kumapeto. Akatero watumiza mawu ofooka m'njira yonse, ndiye n'kukuza ofookawo pamodzi ndi zinyalala zonse zimene atola. Katswiri amatembenuza zimenezi. Voliyumu ya pagitala amaitsegula yonse. Amauza woyimba kuti, "Tamenyani mmene mumenyere nyimbo ikafika potentha," iye akukweza gain mpaka kagetsi kofiira katayamba kuphethira, kenaka n'kubwerera pang'ono. Master ndiye amaisiya pansi, yongokwanira kugwedeza sipika. Kukula kwa mawu m'chipindamo n'kumodzimodzi ndi poyamba, koma sssss uja wathawira kutali. Palibe chimene chagulidwa.

Akatero amayang'ana batani la treble ndi kaswitchi ka bright. Pa siteji zimenezi zimathandiza besi kuboola phokoso la gulu. Mu situdiyo zimangokweza dera limene hiss imakhala. Lamulo lake n'losavuta: pofuna kuwala, yambani mwachotsa matope a m'munsi musanawonjezere zam'mwamba. Ndipo amazungulira kuseli kwa bokosi la masipika. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 mabokosi ambiri a besi amabwera ndi kasipika kakang'ono ka mawu akuthwa, tweeter, ndipo kumbuyo kumakhala batani lake limene oyimba ena sadalikhudzepo chigulireni. Akalipotokolera pansi, gawo lalikulu la vuto limatha nthawi yomweyo. Sipika yayikulu ya mainchesi 15 payokha siitha kutulutsa mawu am'mwamba kwambiri, imasefa hiss mwachibadwa. N'chifukwa china chimene Ampeg B-15, imene Jess Oliver adapanga ndipo idatuluka mu 1960, idakhalira bwenzi la masitudiyo: sipika imodzi yayikulu, mphamvu yochepa, yokwanira chipinda. Mng'ono wake wamkulu thupi, SVT ya mu 1969, ili ndi ma watts 300 ndi fani yoiziziritsa, ndipo maikolofoni imaimva faniyo.

Maikolofoni nayo ili ndi pokhala pake. Pakatikati pa sipika ndi pamene mawu akuthwa amatulukira. Injiniya amaisendeza chakumphepete, mainchesi awiri kapena atatu, n'kuipendeketsa pang'ono kuti isayang'anizane ndi pakatipo. Amachita zimenezi mahedifoni ali kumutu, woyimba ali chete, akumvetsera hiss yokhayo mmene ikusinthira dzanja likamayenda. Akapeza pamene yafooka, ndi pamene amapempha noti.

Amene adaonetsa bwino kuti nkhondoyi imapambanidwa koyambirira ndi anthu a ku Motown. Berry Gordy adayambitsa kampani ya zimbaleyi ku Detroit mu 1959, m'nyumba ya pa 2648 West Grand Boulevard, ndipo situdiyo yake inali kachipinda kakang'ono kumbuyo, kamene oyimba ankakatchula kuti Snakepit. M'menemo munkalowa ng'oma, piyano, magitala angapo ndi besi nthawi imodzi. Kuti aliyense abwere ndi ampu yake, mawu akadalowerana m'mamaikolofoni onse. Choncho injiniya Mike McLean ndi anzake adapanga chipangizo cha mavalavu cholumikizapo magitala ndi besi mwachindunji, mawu n'kupita ku tepi osadutsa pa sipika kapena maikolofoni. Oyimba ankadzimvera pa sipika imodzi ya m'chipindamo. M'zaka zomwezo, mumzinda womwewo, Ed Wolfrum ankapanga timabokosi take totchedwa Wolfbox, tokhala ndi thiransifoma ya Triad m'kati, topanda batire, topanda valavu. Ndi makolo a bokosi la DI limene lero simungalisowe mu situdiyo iliyonse, ndipo ubwino wake ndi womwewo: njira ya mawu ikafupika, makomo olowera phokoso amachepa.

Kumapeto kwa waya wa ku Motown uja kunkakhala woyimba besi James Jamerson. Iye adayamba ndi besi yayikulu yoimika pansi ija ya oyimba jazi, ndipo mphamvu ya chala imene adaipeza kumeneko adabwera nayo pa Fender Precision yake ya mu 1962. Ankamenya ndi chala chimodzi chokha, cha mkombaphala, chimene chidapatsidwa dzina loti The Hook. Nsambo zake zinali za La Bella, zokhuthala, zosalala, zokwezedwa m'mwamba moti ena ankalephera kuzikanikiza, ndipo sankazisintha pokhapokha ikaduka. Pansi pa chivundikiro cha kumapeto kwa nsambo panali kasiponji kofupikitsa kulira kwa noti. Jamerson sankachita zimenezi poopa hiss, ankafuna liwu limene linali m'mutu mwake. Koma taonani zotsatira zake. Chala champhamvu chimapereka mawu aakulu kuchokera pa gwero, motero safunika kukuzidwa kwambiri. Nsambo zakale zosalala zilibe kuthwa kwam'mwamba, motero zam'mwambazo mutazidula palibe chimene mwataya. Mverani "Bernadette" ya Four Tops ya mu 1967, kapena "What's Going On" ya Marvin Gaye ya mu 1971: noti iliyonse ili ndi mutu ndi thupi, ikuyenda mothamanga koma yosasokonekera, ndipo ikumveka ngakhale pa kawailesi kakang'ono. Kumveka kumeneko sikuchokera ku treble. Kukuchokera pakati, m'dera la mazana angapo a Hz, kumene hiss ilibe mphamvu. Zimandikhudza kuti munthu ameneyu adayimba pa nyimbo zambirimbiri zotchuka dzina lake losalembedwa pa chimbale mpaka 1971, ndipo adamwalira mu 1983 anthu ambiri ovina nyimbozo asakumudziwa.

Ku London, a Beatles ankamva besi ya m'zimbale za ku America n'kumadandaula kuti yawo ndi yopyapyala. Mu April 1966, pojambula "Paperback Writer" ku situdiyo ya Abbey Road, mainjiniya Geoff Emerick, amene panthawiyo anali ndi zaka 20, ndi Ken Townsend adatenga sipika yayikulu n'kuilumikiza chambuyo kuti igwire ntchito ya maikolofoni, naiyika patsogolo pa ampu ya Paul McCartney. Cholinga chinali kukhuthalitsa besi. Koma nzeru yake ikugwiranso pa nkhani yathuyi, chifukwa pepala lolemera la sipika limagwedezeka ndi mawu am'munsi, pamene am'mwamba silimva n'komwe.

Chaka chomwecho makina a Ray Dolby, amene adatsegula kampani yake ku London mu 1965, adayamba kugwira ntchito ku kampani ya zimbale ya Decca. Dolby A inkachepetsa hiss ya tepi ndi ma dB pafupifupi 10, ndipo idasintha kajambulidwe ka nyimbo. Komabe inkangoletsa tepi kuwonjezera phokoso lake. Hiss imene yabwera kale kuchokera mu ampu inkaisunga mokhulupirika pamodzi ndi nyimbo. Kompyuta ya lero ndi chimodzimodzi, ndipo poti ilibe hiss ya tepi yobisamo, ya ampu imakhala pambalambanda kuposa kale.

Tsono wina anganene kuti basi, dulani zam'mwamba zonse muthane nazo. Pa reggae zimatheka, poti besi ya mtundu wa Aston Barrett wa gulu la Wailers imakhala pansi, yonenepa, yosafuna kuthwa. Koma yesani zimenezo pa sungura. Alick Macheso wa ku Zimbabwe, amene makolo ake ali ndi mizu ku Malawi ndipo amayimbanso m'Chichewa, adasandutsa besi kukhala chida chotsogolera. Imakwera khosi, imathamanga, imayankhana ndi gitala, ndipo kukoma kwake kuli pa kuthetheka kwa nsambo. Besi yotere, kapena ya gospel yomenyedwa ndi chala chachikulu, mukaidula pa 3,000 Hz mwaichotsa mano. Apa ndi pamene pamaonekera amene wakhwima pa ntchito.

Iye amajambula njira ziwiri nthawi imodzi. Waya wochokera ku gitala amayamba walowa m'bokosi la DI; kuchokera apo nthambi ina imapita ku mikisa, ina ku ampu imene ili ndi maikolofoni yake. Posakaniza, ya maikolofoni amaidula pamwamba, mwina pa 4,000 kapena 5,000 Hz, n'kutengako thupi, kutentha ndi kupuma kwa sipika. Kuthwa amakutenga ku DI, imene sidadutse m'magawo ambiri a ampu ndipo ndi yoyera. Koma pali msampha. Mawu amayenda pafupifupi masentimita 34 pa gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, choncho a maikolofoni amafika mochedwa pang'ono poyerekeza ndi a DI. Mukangowaphatikiza, ena amafafanizana, besi n'kumveka yobowoka. Katswiri amakuza chithunzi cha mafunde pa kompyuta, amasendeza njira imodzi mpaka mitu ya mafunde italingana, kenaka n'kutseka maso kuti khutu livomereze zimene diso laona.

Chida chimene chimaulula ulesi wonse wa koyambirira ndi compressor. Besi imaifuna, kuti manoti akhale olingana. Koma ntchito yake ndi kupanikiza mawu aakulu kenaka n'kukweza zonse pamodzi. Mukapanikiza ndi ma dB 10 n'kubwezeretsa, hiss nayo yakwera ndi ma dB 10. Kaphokoso kamene simunkakamva pojambula kamatulukira pakati pa manoti, kakukwera ndi kutsika monga mwa kupuma kwa makinawo. N'chifukwa chake wodziwa amayesa ampu yake compressor ili yoyaka, kuti amve lero zimene zikadamudzidzimutsa mawa.

Ambiri amathamangira ku noise gate, chipata chimene chimatseka mawu akatsika kufika pamlingo wina. Pa ng'oma chimagwira bwino, poti ng'oma imalira n'kutha. Noti ya besi imafa pang'onopang'ono, ndipo mchira wakewo ndi gawo la nyimbo. Chipata chikatseka msanga chimadula mchirawo, ndiponso kutseguka ndi kutsekeka kwake kumachititsa khutu kuzindikira hiss imene ikadakhala yosalekeza silikadailabadira. Katswiri akachigwiritsa ntchito sachilola kutseka kotheratu. Amachiuza kuti chitsitse ndi ma dB ochepa, chitseke mwaulemu. Nthawi zambiri amangochisiya n'kugwira ntchitoyo pamanja: kuyenda ndi nyimbo yonse, mpata uliwonse umene besi yapuma, kujambula kamzere kotsika pambuyo poti noti yatha yokha, n'kukakwezanso chala chisanagunde. Pa nyimbo ya mphindi 5 angathe kukhalapo ola lathunthu. Amamvetsera ali ndi zida zonse, osati besi yokha, chifukwa pamene zinganga za ng'oma zikulira hiss yakwiririka kale ndipo palibe chifukwa choikhudzira. Malo ofunika ndi poyambira, podukiza ndi pomalizira.

Mapulogalamu ochotsa phokoso, monga iZotope RX kapena chida chaulere cha mu Audacity, amabwera zonsezi zitachitika. Amafuna kumva kaye phokosolo lili lokha kuti alidziwe, n'chifukwa chake injiniya wosamala, asanalole woyimba kuyamba, amati, "Achimwene, gwirani nsambo, musasunthe," n'kujambula masekondi 10 a ampu ikupuma yokha, mabatani ali pomwe akhale pa nyimboyo. Akafika pochotsa, dzanja lake limakhala lopepuka. Ma dB 4 kapena 6 amakwana. Akapitirira, pulogalamuyo imayamba kudya mawu a besi, kugunda kwa chala kumafota, ndipo kumbuyo kwa noti kumabwera kulira kwamadzimadzi kumene kumanyansa kuposa hiss imene amathawa. Amayerekeza ziwirizo mobwerezabwereza pa voliyumu imodzi, pa masipika aakulu, pa mahedifoni, ndi pa foni, poti kasipika ka foni kamataya thupi la besi n'kusiya dera lomwelo limene hiss imakhala. Akakhutira, amasunga yoyeretsedwayo pa dzina lina, yoyamba n'kuisiya yosakhudzidwa pambali pake, kuti wodzasakaniza nyimboyo akadzaona kuti wachotsa zambiri adzathe kubwerera.